Kafani ka mu Kompyuta ya Amira

Malengachanzi,
Nkhotakota.

Wokondedwa mwana wanga Tahiru,

Asalamu aleikumu. Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupeza uli bwino, iwe pamodzi ndi mpongozi wanga Liness ndi adzukulu anga kumeneko ku Joni. Kodi chifuwa chimene chinkakuvuta nthawi yachisanu chija chinatha? Nanga ana akupita bwanji kusukulu?

Kuno tilipo, alhamdulillahi. Amayi ako mawondo aja akuwavutabe, koma akuyenda. Ine ndilibe chodandaula, kupatula dzuwa la Okutobala lino limene likuwotcha ngati tinalilakwira.

Udabwa kuti ndalemba papepala chonsecho foni ilipo. Idrisa, mnzako wa ku madrasa uja, akubwerera kumeneko sabata ino, ndiye ndamupempha kuti anditengere. Pafoni ndimakupeza uli pantchito, mawu amachita kuthamanga, ndipo ndikati ndiyambe nkhani yeniyeni iwe umati kasitomala walowa. Ukhale pansi, uwerenge mpaka kumapeto.

Nkhani ndi ya mlongo wako Amira ndi kompyuta imene unamutumizira.

Unamva kuti anabwerera kuno kuchokera ku Dwangwa banja lake ndi Nasiru litasokonekera, koma sunamuone ndi maso. Ife tinamuona. Ankadzuka, kusesa, kusambitsa mwana, basi n'kukakhala kuchipinda. Ukamufunsa kanthu ankayankha mawu amodzi. Amayi ako ankalira mobisa.

Ndiye kunabwera makatoni ako aja. Ine ndinkaganiza kuti mutuluka kompyuta yathunthu, koma munatuluka tizidutswa. Amira anayala mkeka pabalaza, n'kuyamba kulumikiza kamodzikamodzi akuyang'ana pafoni mmene ena amachitira. Pamene anadina batani, nyale n'kuyaka, anaseka mokweza mpaka mwana wake anadzidzimuka. Kuseka kumeneko tinali titakuiwala m'nyumba muno. Pa chimenechi, mwana wanga, Mulungu akulipire.

Ntchito yojambula maukwati inamuyanja msanga, ndipo chifukwa chake n'chosavuta. Pa nikahi, anyamata a makamera amathera kubwalo kwa amuna. Kuchipinda kumene amayi akuveka mkwatibwi, kumupaka hina ndi kumuimbira, mwamuna salowako. Amira amalowa. Mabanja anayamba kumufuna chifukwa cha zimenezi. Akabwerako amakhala pakompyuta, kudula ndi kulumikiza zithunzi, kenako n'kuiuza kuti iphike vidiyo yonse ikhale chinthu chimodzi. Iye amati kurenda.

Tsopano ndifike pa kafani.

Mkati mwa bokosi la kompyutayo muli kachipangizo kakang'ono ngati bisiketi, kamene mumati pulosesa. Amira akuti ndiye mutu wa zonse, ndipo kakamagwira ntchito kamatentha. Pamwamba pake pali chitsulo chamanomano ngati chipeso, ndipo pachitsulopo pakhala kafani koziziritsa. Ndi kamene kanabwera m'katoni imodzi ndi pulosesayo, sunagule padera. Izi ukuzidziwa kuposa ine, poti ndi ntchito yako. Ndazilemba kuti uone kuti bambo ako sakunena za m'maluwa. Ndakhala pambali pa makinawa miyezi yonseyi.

Nthawi ya mwera, kukuzizira, zonse zinkayenda bwino. Kafani kankangong'ung'udza pang'ono. Koma kutangoyamba kutentha kanasintha mawu. Amira akayamba kurenda, kankayamba kulira ngati chigayo, kulira, kulira, kenako phee! Sikirini yada, ntchito ya m'mawa wonse yapita. Nyumba yathu ukuidziwa, malata opanda siling'i. Masana munthu sungakhalemo osavula malaya.

Ndi pamene anakuimbira. Ine ndinali pakhonde ndipo foni inali pa sipika, ndiye ndinamva zonse. Anakufotokozera bwinobwino, n'kukufunsa ngati mwina pangafunike fani yokulirapo. Iwe unati kafaniko n'kokwanira, kuti amene anapanga pulosesa si ana, ndipo kuti kushopu kwanu mumamanga makompyuta ambiri ndi tifani tomweto popanda wobwera kudzadandaula. Kenako unati, “Vuto ndi iweyo, sukudziwa kuigwiritsa ntchito.”

Iye anangoti, “Chabwino achimwene,” n'kudula.

Ndikudziwa kuti unali wotopa ndipo sunafune kumupweteka. Koma pali chimene sukudziwa. Mawu amenewo ndi amene Nasiru ankamuuza pa chilichonse. Mbaula ikavuta kuyaka, vuto ndi iyeyo. Foni ikawonongeka, sadziwa kugwira zinthu. Ngakhale mwana atadwala malungo, akuti chinali chifukwa choti mayi wake sadziwa kulera. Anathawa mawu amenewo ku Dwangwa, ndiye anadzawamvanso kuchokera kwa mchimwene wake amene amamudalira. Kuyambira tsikulo sanatchulenso za fani. Kompyuta ikazima ankangoiyatsanso mwakachetechete, n'kuyambiranso, akufunafuna pamene iye walakwitsa.

Kenako kunabwera ukwati wa Zaidi.

Ukuwakumbukira mayi Kulusumu a ku Benga, amene ankagulitsa mpunga limodzi ndi amayi ako? Zaidi ndi mwana wawo wamwamuna yekhayo. Anapeza mkazi ku Ngala, dzina lake Ikram, ndipo ukwati unachitikira kwawo kwa mkaziyo. Koma mayi Kulusumu anagwidwa ndi sitiroko chaka chatha. Mbali imodzi inafa, ndipo mawu satuluka. Kuchoka ku Benga kukafika ku Ngala pa minibasi, m'dzuwa lino, sakanakwanitsa. Mayi amene anaimbira ana a anzawo pa maukwati osawerengeka anatsala pamphasa tsiku la mwana wawo.

Ana awo aakazi ndi amene anaumirira kuti ajambule ndi Amira, kuti mayi awo adzaone za kuchipinda kwa amayi. Mlongo wawo wa mayiwo, a Abdulhamid, amene ankayendetsa zonse, anavomera monyinyirika.

Amira anajambula bwino. Ndinaona zina mwa zithunzizo ndipo ndinanyadira. Koma vidiyoyo inali yaitali kuposa zonse zimene anapangapo, ndipo kompyuta inakana. Ankayamba kurenda, kamzere ka pasikirini n'kumayenda, kufika pakati, kupitirira pang'ono, kafani kakukuwa, kenako phee. Mawa lake chimodzimodzi. Anasiya kudya bwino. Ndinkamupeza atakhala pampando, manja ali pamiyendo, akuyang'ana sikirini yakuda.

Tsiku lina masana a Abdulhamid anatulukira pa njinga yamoto. Sanalowe n'komwe m'nyumba. Anaima pabwalo, anthu oyandikana nafe akumva, n'kunena kuti mlongo wawo akufooka tsiku ndi tsiku, ndipo akapita asanaone ukwati wa mwana wawo mlandu udzakhala pakhomo pano. Anati anthu anawachenjeza kuti za makamera ndi ntchito ya amuna, koma iwo sanamvere. Anafuna kuti Amira awapatse zonse zimene anajambula akapereke kwa mnyamata wina ku Salima.

Mtima unandiwawa, koma sindinawadzudzule. Munthuyo ankalankhula ndi mantha a mlongo wake. Amira anatuluka, n'kugwada pakhomo, n'kuwapempha kuti amudikire mpaka Lachisanu. Anati likadutsa Lachisanu adzawapititsira yekha zonse ku Benga. Iwo analiza njinga n'kumapita.

Madzulo ake ndinamuuza kuti mawa tinyamule bokosilo tipite nalo kwa Percy, amene amakonza mafoni ndi makompyuta pafupi ndi msika wa paboma. Anakana. Anati achimwene ananena kale kuti makinawo alibe vuto, ndiye akangodzichititsa manyazi pamaso pa anthu. Ndinamuuza kuti ngati ndi manyazi tikagawana, theka iye theka ine.

Tinalikulunga m'chitenje cha amayi ako. Ine ndinakwera kabaza nditalikumbatira pamiyendo ngati mwana wodwala, iye akutsatira pa kabaza wina.

Percy ndi munthu wosapupuluma. Anamufunsa Amira kuti anamanga ndani kompyutayo, ndipo atamva kuti ndi iye mwini anamupatsa sikuludiraiva kuti atsegule yekha. Atachotsa kafani, tonse tinangoti kakasi. M'mano mwa chitsulo chija munali mutadzaza nkhungu. Unaziiwala kodi nkhungu za kunyanja, mmene zimabwerera ngati utsi n'kulowa paliponse pamene pali kuwala? Kafani kankazikoka, n'kuzipanikiza pamodzi ndi fumbi la madeya a mpunga lochokera kuchigayo cha kuseri kwathu, mpaka zinaumbika ngati chigumu. Percy anaseka, nati pamenepa pakanatuluka ndiwo ya banja lonse. Ndipo phala lotuwa limene limakhala pakati pa pulosesa ndi chitsulo linali litauma ngati dothi la m'chilimwe.

Anapukuta zonse, kuuzira mphepo, kupaka phala latsopano. Kenako anafunsa kumene kompyutayo imakhala ndi ntchito imene imagwira. Amira atafotokoza, ndinamufunsa Percy mosazungulira ngati kafaniko n'kokwanira kapena ayi, poti mwana wanga wa ku Joni akuti n'kokwanira.

Sananene kuti unalakwa. Anati kwa munthu wolemba makalata, woonera mafilimu kapena wa muofesi, kafani kotere kamakwana ndithu, ndipo kugula kena n'kungotaya ndalama. Anati ngakhale pantchito yolemera kamatha kupirira ngati chipinda chili chozizira komanso chopanda fumbi. Koma kurenda vidiyo yaitali kumathamangitsa pulosesa osapuma, ndipo m'nyumba yamalata mwezi uno mpweya umene kafaniko kakuuzira ndi wotentha kale. Pulosesa ikaona kuti ikupsa imayamba yachepetsa liwiro, zikapitirira imadzizimitsa kuti isafe.

Kenako Amira anafunsa ndi mawu otsika, “Ndiye kuti si ine ndikulakwitsa?”

Percy anamuyang'ana modabwa. Anati, “Inu chemwali? Mwamanga bwino kuposa ambiri amene amabwera pano. Uku n'kutentha basi.”

Tahiru, mlongo wako anatembenukira kukhoma n'kudzipukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wake. Percy ananamizira kufunafuna chinthu m'dilowa. Ine ndinayang'ana kumsewu.

Fani yaikulu Percy analibe. Anati za mtundu umenewo sizifika kuno, ndipo zimene anthu amaitanitsa mwachisawawa nthawi zambiri zimabwera zosalowa m'bokosi kapena zosagwirizana ndi pulosesa. Anatilangiza kuti pakadali pano tizirenda kunja, m'mawa kusanatenthe, chitseko cha bokosi chili chotsegula.

Lachisanu, titangoswali subuhi m'bandakucha, tinatulutsa tebulo n'kuliika pansi pa mtengo wa mango uja unabzala iwe. Tinakoka waya kuchokera pabalaza. Amira anachotsa chitseko cha bokosi, n'kuimika fani ya patebulo ija ya kuchipinda kwathu kuti iziuzira mkati. Anandionetsa nambala ina pakona ya sikirini imene imasonyeza kutentha, nati ikafiira ndimuitane. Imeneyo inakhala ntchito yanga, pamodzi ndi kuthamangitsa nkhuku.

Poyamba zinkayenda. Koma dzuwa litakwera, mthunzi unayamba kutithawa, ndipo kamzere kanayamba kuyenda ngati nkhono. Kafani kanayamba kulira kwake kuja. Nambala inafiira. Amira anaima manja ali kukamwa. Amayi ako, osauzidwa ndi munthu, analowa kukhitchini n'kutuluka ndi lichero, n'kukhala pampando ndi mawondo awo owawawo, n'kuyamba kukupizira bokosilo. Akazi opita kumjigo anaima kumpanda akuseka, akufunsa ngati talandira mlendo wolemekezeka. Amayi ako anawayankha kuti eya, ndipo akuchokera kutali.

Kaya lichero linathandiza kaya ayi, sindikudziwa. Amira akuti mwina ayi. Chimene ndikudziwa n'chakuti tinasuntha tebulo kutsata mthunzi, tikunyamula pang'onopang'ono waya asazuke, ndipo azana yoitanira ku swala ya Ijumaa isanamveke kamzere kanafika kumapeto. Kompyuta sinazime.

Nditabwerako kumzikiti tinakwera minibasi ya ku Benga, ine ndi iye.

Tinawapeza mayi Kulusumu atawatsamiritsa kukhoma ndi mapilo. Atha thupi, mwana wanga. Sukanawazindikira. Ana awo anabwereka TV kwa oyandikana nawo, Amira n'kulowetsa fulashi. M'chipindamo munadzaza anthu, ndipo a Abdulhamid anaima pakhomo manja atapinda.

Mbali yoyamba inali ya kubwalo kwa amuna, shehe akumangitsa nikahi, Zaidi atavala kanzu yoyera. Mayiwo ankangoyang'ana, nkhope osasintha, moti ndinayamba kukayika ngati akuzindikira chimene akuona.

Kenako chithunzi chinalowa kuchipinda kwa amayi. Ikram atakhala pakati, manja ali ndi hina, amayi atamuzungulira, n'kuyambitsa nyimbo yoperekezera mkwatibwi. Ndinaona dzanja lamoyo la mayi Kulusumu likuyamba kugunda pamphasa, motsatira nyimboyo ndendende. Milomo inayamba kugwedera. Ndiye munatuluka mawu. Sanali mawu omveka bwino, koma aliyense m'chipindamo anadziwa kuti akuimba. Mwana wawo wamkulu anagwa pamiyendo pawo akulira, nati chigwireni matendawa sanamvepo liwu la mayi ake. Nditacheuka, a Abdulhamid panalibe pakhomo. Ndinawaona pawindo ataima kuseri kwa nyumba, chipewa chili m'manja.

Vidiyo itatha, mayiwo anamugwira Amira pamkono osafuna kumusiya. A Abdulhamid sanapepese ndi pakamwa, ndipo ine sindinayembekezere. Koma anatiperekeza mpaka kumsewu atanyamula chikwama cha Amira, n'kudikira nafe mpaka minibasi inabwera. Mayi Kulusumu adakali moyo, ngakhale ali ofooka, ndipo akuti tsiku silipita osaloza TV kuti awaikire.

Mwina ukuti ndiye nkhani yatha bwino, bambo akufunanso chiyani. Sinathe.

Mbiri ya ku Benga yafika patali. Mabanja akubwera kudzamupempha, poti maukwati achuluka mvula isanayambe. Koma Amira akuwabweza ambiri. Akuti sangalonjezenso munthu chinthu chimene chikudalira mthunzi wa mango. Ndipo akunena zoona. Kuzizira kwa m'mawa kukucheperachepera, bokosi likakhala lotsegula fumbi ndi nkhungu zikulowa kuposa kale, ndipo mvula ikayamba panja sipadzakhalanso pogwirira ntchito, chonsecho m'nyumba mudzakhala muli chithukuthuku.

Sabata yatha kunabwera amalume ake a Nasiru. Analankhula mwaulemu. Anati mwana akufunika bambo ake, ndipo ntchito ya makina ndi yosadalirika, lero ilipo mawa yazima. Maulendo ena onse Amira ankawayankha msanga kuti ayi. Ulendo uno anati aganizira.

Usiku umenewo sindinagone. Ine sindidzamuletsa kubwerera ku banja lake, ndiponso sindidzamukankhira. Ngati Nasiru wasintha ndipo mtima wa Amira ukufuna, ndidzawadalitsa. Koma abwerere chifukwa wafuna, osati chifukwa kafani kakang'ono kamugonjetsa n'kumutsimikizira kuti payekha sangathe kanthu.

Ndiye pempho langa ndi ili, mwana wanga.

Sindikuti unanama. Kumeneko, m'mashopu ozizira, kafaniko n'kokwanira. Kuno, pa ntchito imene mlongo wako akugwira, sikakukwana. Ndaona ndi maso anga. Percy akuti pali zoziziritsira zina zazitali ngati nsanja, zokhala ndi timapaipi ta kopa ndi fani yaikulu imene imazungulira mofatsa popanda phokoso. Amira akuti za madzi zija sakuzifuna, chifukwa zikadontha kuno palibe angazikonze. Mupezere yoyenera. Idrisa akudziwana ndi anyamata a mabasi amene amabweretsa katundu kuno kawirikawiri. Ngati m'thumba mwavuta undiuze mosabisa, mpunga ulipo m'nyumba, tigulitsa.

Koma usanapite kusitolo, muimbire. Iye sakudziwa kuti ndakulembera. Anayeza kale mkati mwa bokosilo ndi tepi ya telala, anafufuza, ndipo akudziwa fani imene ingalowe ndi imene singalowe. Ndinamufunsa dzina lake, anandiuza, ndipo ndaliloweza. Ndikanatha kulilemba pano kuti ntchito ikuchepere. Ndalisiya dala. Umufunse mwini wake, ngati mmene ungafunsire mnzako wa pantchito, ndipo akayamba kufotokoza umusiye amalize.

Amayi ako akupereka moni wambiri. Amupatsira Idrisa mpunga wa kilombero ndi usipa wouma, akuti ugawireko ana usamalize wekha. Undiperekere moni kwa mpongozi wanga Liness, umuuze kuti sitimuiwala m'maduwa athu. Adzukulu anga uwagwire pamutu m'malo mwanga. Ukakumana ndi ana a kwathu kuno amene ali kumeneko, uwauze kuti kumudzi kuli bwino.

Allah akusunge panjira zako zonse, akutsegulire makomo a riziki, ndipo afewetse mitima ya ana anga kwa wina ndi mnzake ine ndidakali ndi maso oonera.

Ndine bambo ako,
Yakubu.